Ndasungunula ngolo ya kasitima ka agogo ndi thina, ndithandizeni ndisanawononge mutu wake

Mdzukulu_wa_Khukhi
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi manyazi koma ndilankhulabe. Mwezi watha tikusesa m'nyumba ya malemu agogo athu aamuna kuno ku Chitakale tinapeza kasitima m'sutikesi ya malata, kokulungidwa m'chidutswa cha bulangete. Agogo anali khukhi kwa mzungu wina wa ku esiteti ya tiyi, ndipo amayi akuti mzunguyo pobwerera kwawo m'zaka za m'ma 1960 anawasiyira kasitimako pamodzi ndi tinjanji take tochepa chifukwa ana ake anali atakula. Pansi pake palembedwa Tri-ang, Made in England. Kali ndi timawilo tinayi kutsogolo, mawilo akuluakulu asanu ndi limodzi pakati, ena awiri pansi pa kanyumba ka dalaivala, ndiye kumbuyo kakukoka ngolo ya malasha.

Vuto ndi ili. Agogo anakapaka penti wobiriwira, uja wa zitseko ndi mawindo a ku esiteti, ndi burashi yaikulu moti mizere ya burashi ikuoneka ndipo timisomali tonse ta pathupi pake tinakwiririka. Pa ngolo ya malasha analembapo LUCHENZA ndi penti woyera mbali zonse ziwiri. Ine ndimafuna ndichotse pentiyo kabwerere mwakale. Dzulo ndanyika kansanza mu thina n'kupukuta mbali imodzi ya ngolo. Penti wachoka inde, koma pulasitiki nayonso yafewa ngati phula, chala changa chadindika pomwepo. Ndasiya manja akunjenjemera. Mutu wake sindinaukhudze. Ndichite chiyani? Komanso kodi kangayendenso?

Fundi_wa_Mawailesi
Thina pa pulasitiki? Achimwene mwalasa. Choyamba musayesere kusalaza pomwe pafewapo, mungowonjezera zidindo. Ikani ngoloyo pa shelefu pamthunzi, podutsa mphepo, ikhale sabata yathunthu. Iuma yokha. Zokonza tikambe ikauma.

Wamawaya_Limbuli
Ndiye kuti LUCHENZA yasanduka LU basi? kkkk pepani achimwene, sindikuseka maliro.

Mdzukulu_wa_Khukhi
Yatsala NZA. Sekani, ndadziputa ndekha.

Garratt_wa_Joni
Achimwene, khalani pansi mtima, amene sanasungunulepo kanthu pa ntchito iyi ndiye kuti sanayambe. Ine ndili ku Germiston koma kwathu ndi kwa Goliati ku Thyolo, ndipo zoseweretsa izi ndagwira zaka zambiri ndithu.

Mawilo mwawerengawo, anayi, asanu ndi limodzi, awiri, timalemba 4-6-2. Ngati ndi Tri-ang ya zaka zimenezo ndikukayikira kwambiri kuti ndi Princess Elizabeth, chifukwa ndiyo anagulitsa yambiri. Sitima yeniyeni inapangidwa mu 1933 ku Crewe ku England, ya kampani ya njanji ya LMS, nambala yake inali 6201, kenako boma la Britain litatenga njanji zonse mu 1948 inakhala 46201. Tengani tochi ya foni muunike chammbali pa kanyumba ka dalaivala, mwina manambala akutukumuka pansi pa penti wa agogo.

Chachiwiri, yang'anani thupi lake mutaliika patebulo lathyathyathya. Ngati lapindika ngati nthochi ndiye ndi zoyambirira zija za pulasitiki ya acetate, imene imakhota ikakalamba ndipo palibe mankhwala ake. Cha pakati pa zaka za m'ma 1950 anasintha n'kuyamba polystyrene, imene sikhota koma ndi imene thina amaidya ngati mmene mwaonera. Thina, petulo, mankhwala ochotsera penti wa m'zikhadabo, zonsezo zitalikirane ndi kasitimako.

Chochotsera penti chimene mungachipeze pa Chitakale pompo ndi Dettol, uja wabulauni wa m'botolo. Masulani kasukulu, chotsani thupi lokha la pulasitiki, mawilo ndi mota zikhale padera. Limizeni mu Dettol wosasungunula m'kabotolo kotseka, tsiku limodzi kapena awiri. Penti amafewa ngati nsima yogona, mumachotsa ndi mswachi wakale. Chenjezo limodzi: musathire madzi penti asanachoke yense, chifukwa madzi akakhudza phala limenelo limasanduka ulimbo wosachoka. Tsukani ndi Dettol wina kaye, kenako sopo wa mbale, madzi pamapeto. Valani magolovesi, khungu la zala limasupuka.

Mdzukulu_wa_Khukhi
Ndaunika. 46201 ikuoneka ndithu! Thupi ndi lowongoka bwinobwino. Pomwe penti anapalika pa chumuni pakuoneka kuti kanali kakuda.

Nachisale_wa_Bvumbwe
Ine ndifunse mosiyana ndi anzanga. Mukufuna kuchotseranji penti ameneyo? Kasitima kakuda kolembedwa 46201 kali m'nyumba zambirimbiri ku England. Kobiriwira ndi penti wa zitseko, kolembedwa LUCHENZA ndi dzanja la khukhi wa ku Mulanje, kalipo kamodzi dziko lonse. Agogo anuwo anakhala pansi madzulo atatopa ndi mapoto a mzungu, anatola burashi, anaganiza kuti sitima imeneyi si ya ku London ayi, ndi ija imaima pa Luchenza. Inu mukufuna kufufuta zimenezo kuti mubwezeretse za mzungu?

Garratt_wa_Joni
Achemwali, ndakumvani, koma simunaone zimene penti wa nyumba amachita pa kanthu kakang'ono chonchi. Pa muyeso wa kasitimaka wa 1:76, kutanthauza kuti n'kochepa ka 76 kuyerekeza ndi yeniyeni, penti wokhuthala theka la milimita ali ngati mwamata sitima yeniyeni ndi matope okhuthala pafupifupi masentimita anayi. Mapaipi, malamba a pa boyila, zonse zimamira. Ndiye penti wa mafuta wa zitseko akalowa m'timikono tolumikiza mawilo kasitima sikayenda. Agogo anapaka ndi chimene anali nacho. Akanakhala ndi burashi yaing'ono akanagwiritsa yomweyo.

Nachisale_wa_Bvumbwe
Mukuwayankhulira agogo a eni ake ngati munadya nawo nsima.

Garratt_wa_Joni
Inunso mwangowayankhulira kumene, mpaka mapoto a mzungu mwawawerengera kkk.

Sapitwa76
Bwanji soda uja amayi amapangira sopo? Ine ndinachotsera penti pa mabogi awiri apulasitiki, anayera mbee usiku umodzi.

Fundi_wa_Mawailesi
@Sapitwa76 pa pulasitiki yokha amagwira, koma musamuuze munthu woyamba kumene zimenezo. Soda ameneyo amawotcha khungu, akagwera m'maso ndiye nkhani ina. Komanso chitsulo cha pansi chimene chimagwira mawilo si chitsulo wamba, ndi mazak, chosakaniza cha zinki ndi aluminiyamu pang'ono, ndipo soda amachidya. Pamene tili pa mazak pomwepa, achimwene a ku Chitakale yang'anitsitsani chitsulo chimenecho. Mazak amene anasakanikirana ndi mtovu popanga amafufuma n'kung'ambika timing'alu ngati dothi la kudambo mu Okutobala, ndipo chinyontho chimafulumizitsa matendawo. Inu mumakhala mphepete mwa phiri momwe zovala zimachita nkhungu zili m'sutikesi. Mukaona timing'alu, musamange kasukulu mwamphamvu, chimaphwanyika ngati bisiketi.

Kabaza_wa_Nkando
Ine ndinamva kuti mafuta a mabuleki a galimoto amachotsa penti bwino. Ndinanyikamo thupi la kainjini kanga ka mawilo asanu ndi limodzi masiku anayi, ndinaiwala chifukwa kunali maliro kwa apongozi. Penti anachoka yense koma pomanga kasukulu thupi linangoti thee pakati. Pulasitiki inauma gwa ngati chikamba cha nsima. Mpaka lero ndinamata ndi guluu, mzere ukuoneka.

Garratt_wa_Joni
Eya, ena amawayendera, ena amalira ngati inuyo. Pulasitiki yakale siidziwika mtima wake. Chilichonse muyambe mwayesa mkati mwa thupi mosaoneka.

Agogo_a_Khonjeni
Ana inu, mdzukulu wanga ndiye akundilembera, maso anga pa foni sagwira. Ndamva mukukangana za mtundu wa penti ndiye ndaseka. Ine sitima zamalasha ndinaziona ndi maso, bambo anga ankagwira ntchito yokonza njanji ndipo ife tinkagulitsa nthochi pa siteshoni. Sitima ikamachokera kumunsi ku Chiromo kukwera mtunda, mumayamba kuimva isanaoneke, ikupuma ngati munthu wasenza thumba la chimanga, utsi uli tolo pamwamba pa mitengo. Ikafika simukanatha kunena kuti penti wake ndi wotani. Pamsana ponse mwaye. Pomwe pamatuluka nthunzi pamakhala mizere yoyera yotsetsereka, ngati mkati mwa ketulo yakale. Timikono ta mawilo tokha ndi timene tinkanyezimira, chifukwa cha mafuta amene dalaivala ankathira ndi kachitini ka mlomo wautali sitima ikangoima. Pansi pa ng'anjo phulusa mbuu. Wothira malasha ankatsika nkhope ili bii, maso okha ndi mano, n'kugula nthochi phava lonse kudya ataimirira.

Ndiye mukapaka kasitima kanu n'kukhala kowala ngati nsapato ya mkwati, dziwani kuti mwapanga sitima imene sinagwirepo ntchito.

Sapitwa76
Agogo mwandikumbutsa nthochi za ku Thekerani ndi Sandama. Kale munthu ukakwera sitima pa Luchenza unkabwera ndi mkoko wathunthu pa ndalama yochepa. Chisaka chinatimaliza.

Nachisale_wa_Bvumbwe
Musanene. Kwathu tinazula munda wonse, alangizi anati mbewu yodwala isatsale ngakhale imodzi chifukwa nsabwe zimatenga matenda kupatsira zina. Pano tinabzala zatsopano koma sizinafike pa kale paja. Nthochi zambiri mukuziona m'misika ya mu Limbe zikuchokera kunja.

Kabaza_wa_Nkando
Ndi njanji yomwe inafa. Chichokereni madzi kukokolola pa Chiromo mu 1997 sitima yopita ku Nsanje inathera pomwepo, inkangobwerera pa Makhanga. Ana a masiku ano ku Bangula sitima amaionera pa foni.

Agogo_a_Khonjeni
Ruo ndi Shire akakumana atakwiya samva za munthu.

Mphunzitsi_wa_Thuchila
Poti nkhani yafika pa njanji yathu, ndiloleni ndiikepo masamu pang'ono, ndi matenda a ntchito. Njanji ya kuno, imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald komwe pano timati Nsanje, ndi yotalikirana mamilimita 1,067. Ya ku England ndi 1,435. Tinjanji ta kasitima ka achimwenewa ndi totalikirana mamilimita 16.5. Mukachulukitsa 16.5 ndi 76 mupeza 1,254. Ndiye kuti kasitima ka muyeso wa 1:76, umene timautcha OO, kamayenda pa njanji imene si ya ku England komanso si ya kuno, ili pakatikati. Chinachitika n'chakuti njanji ya 16.5 ndi yolondola pa muyeso wa HO, 1:87, koma sitima za ku Britain n'zocheperako thupi moti mamota a nthawi imeneyo sankakwanamo, ndiye anakulitsa thupi n'kusiya njanji momwemo.

Amene akufuna kupanga sitima ya kwathu yolondola ali ndi njira ziwiri. Pa 1:87 afune njanji ya mamilimita 12, chifukwa 1,067 kugawa ndi 87 ndi 12.3. Kapena apange thupi pa 1:64 n'kugwiritsa tinjanji tomweti ta 16.5, chifukwa 1,067 kugawa ndi 64 ndi 16.7, kusiyana kwake diso silingaone. Anzathu a ku New Zealand, amene njanji yawo ndi yofanana ndi yathu, amachita zimenezi. Ine ndi zomwe ndikulota ndikapuma ntchito: kutenga mawilo ndi mota za kainjini ka 0-6-0, ka mawilo asanu ndi limodzi okha, n'kumangapo thupi la zija zoyambirira za Shire Highlands Railway, Thistle ndi Shamrock, zimene anapanga a Bagnall ku Stafford, zonyamula thanki ya madzi pamsana ngati chishalo. Ndinapita ndi ana asukulu ku Museum ya ku Chichiri, iwo akuthamangathamanga ine ndili kalikiliki ndi tepi kuyeza mawilo. Mlonda anandiyang'ana mokayikira.

Wamawaya_Limbuli
Aphunzitsi mukudikira kupuma ntchito chifukwa chiyani? Ine yanga ndinapanga kale. Boyila ndi chitini cha mankhwala opopera udzudzu chotheratu, chumuni ndi kapaipi ka ambulera, mawilo ndi zotsekera mabotolo zomenya ndi hamala, timikono ndi masipoko a njinga. Mukaikankha timikono timapita uku ndi uku ngati yeniyeni. Sindinaitanitse kanthu ku Joni. Inu a mabokosi a ku England mumationa ngati ana, koma ife timayamba ndi waya wopanda kanthu.

Garratt_wa_Joni
Palibe wakunyozani achimwene. Ndipo ngati timikono tanu timayenda osakakamira ndiye mwadziwa chinthu chimene ambiri ogula m'bokosi sachidziwa, choti mbali imodzi iyenera kutsogolera inzake ndi kota ya mzungulo. Mukaziika mofanana zimafika pena n'kuima.

Wamawaya_Limbuli
Ndinazitulukira nditapinda masipoko asanu ndi atatu kkk. Chitinicho musaboole chisanathe mpweya, ndinatsala pang'ono kutaya nsidze.

Mayi_wa_Tiyi
Ine sindipanga nawo zimenezi, ndinalowa pagulu pano kuti ndidziwe komwe katundu wanga amapita. Kabotolo ka mafuta a makina anga osokera kanasowa, ndinakapeza m'bokosi la masitima. Sefa wa tiyi anasefera makala opera. Kaburashi kanga ka m'maso kanapita. Tsiku lina ndapeza bambo akunyumba akuyanika masamba a tiyi ogwiritsa kale ntchito pa nyuzipepala, akuti ndi dothi la m'mbali mwa njanji. Bambo a zaka makumi asanu! Inu a ku Chitakale, ngati muli pabanja gulani zanu.

Sapitwa76
Mayi ndagwidwa. Sefa ndigula Loweruka pa Limbuli.

Mayi_wa_Tiyi
Munanena chomwecho pa Isitala.

Kabaza_wa_Nkando
kkkkkk ndiye ndi banja limodzi eti? Gulu lino lili ndi zinsinsi.

Mdzukulu_wa_Khukhi
Akuluakulu, ndaseka mpaka mwana wadzuka, koma tibwerere kwa wodwala. Ndamasula thupi. Chitsulo cha pansi chilibe ming'alu, ndayang'ana ndi tochi. Mkati muli fumbi losakanikirana ndi mafuta akale, lolimba ngati chingamu, ndiponso kachisa ka mavu a dothi m'kanyumba ka dalaivala. Mota ndi yotseguka, ndikuona waya wa kopa wokulungidwa ndi kachitsulo kakuda kumbuyo. Ndili ndi chaja ya laputopu, ndingayesere?

Fundi_wa_Mawailesi
Ayi! Chaja ya laputopu nthawi zambiri ndi mavoti 19, kasitimako n'ka mavoti 12 a DC. Muwotcha waya wa mota ndipo kukulunganso ndi ntchito ya misozi. Mota imeneyo iyenera kukhala X04, yolimba kwambiri, ndakonzapo zingapo. Chitani motere, mosathamanga.

Kachitsulo kakuda kumbuyoko ndi maginito. Musakachotse. Maginito akale amenewo mukangowatulutsa m'malo mwake amafooka, ndipo mota ya maginito ofooka imakoka moto wambiri, imatentha, mphamvu ilibe. Ngati anafooka kale chifukwa cha ukalamba, masiku ano anthu amaikamo a neodymium a saizi yomweyo, a ku Joni angakuthandizeni.

Kutsogolo kwa waya wokulungidwayo kuli kamgolo ka kopa kogawika patatu, commutator. Pukutani ndi kansalu konyowetsa ndi sipiriti mpaka kopa awale. M'timipata take mumadzaza mwaye wa kaboni, tokosani ndi kamtengo kotokosera m'mano, osati singano, singano imakanda. Pali timikono tiwiri tokhala ndi kaboni kunsonga timene timagunda pa kamgoloko, togwidwa ndi kawaya kokhala ngati sipuling'i. Mbali imodzi ya kawayako imavala kapaipi kotchinga moto. Kapaipi kameneko kakasowa moto umadutsa chidule, mota siizungulira, ndipo anthu ambiri amataya mota yabwinobwino chifukwa cha kanthu kameneka. Mukhoza kusenda chikopa cha waya wa foni n'kuvekapo.

Mafuta: a makina osokera, koma ogula nokha, mwamva zomwe zachitika pamwambapa. Kadontho ka kunsonga ya singano pa tinsalu tofewa tili kumapeto onse awiri a mota, kena pa giya, kena pa ekiselo iliyonse. Pa commutator pasafike mafuta. Mafuta opopera a m'chitini aja ndi ophikira ayi ndithu.

Poyesa tengani batire la 9V lija la makona anayi, gunditsani mitu yake iwiri pa mawilo, wina kumanzere wina kumanja, kasitima katagona chagada pa thaulo. Ngati mulibe chowongolera liwiro ndipo mukufuna kugwiritsa batire la galimoto kapena la sola, lumikizani babu la galimoto la 21W panjira ya waya mmodzi. Pakachitika shoti babu limayaka m'malo moti waya asungunuke.

Mphunzitsi_wa_Thuchila
Ndiwonjezere za tinjanji. Ta Tri-ang takale n'tachitsulo, ndiye ku Mulanje tiyenera kuti tachita dzimbiri. Musakwechese ndi sandipepa wokhakhala, timikwingwirima timasunga litsiro. Labala wolimba uja wofufutira inki amakwana.

Mdzukulu_wa_Khukhi
KAZUNGULIRA! Kapaipi kotchinga moto kanalidi kothetheka, ndaveka chikopa cha waya wa mahedifoni. Poyamba kanangolira ngati njuchi, ndakankha wilo ndi chala, kenako timikono tayamba kupalasa. Kakununkha ngati wailesi yakale ikatentha. Amayi anabwera kudzaona, angoti "ndi fungo lomwelo", akuti agogo ankakayendetsa pa Khirisimasi pokha, pa mphasa, ndi batire lobwereka kwa dalaivala wa thirakitala, ana onse atakhala patali manja kumbuyo. Atatero analowa kuchipinda osanenanso kanthu.

Nachisale_wa_Bvumbwe
Mwaona? Ndiye mukapake kakhale kachilendo, amayi anu akakaone ngati ka m'sitolo.

Garratt_wa_Joni
Achemwali simutopa. Chabwino, ndigonje theka. Mutu auchotse penti, chifukwa pamenepo ndi pomwe pali zokongola zomwe zakwiririka, komanso penti wa m'mbali mwa mawilo ayenera kuchoka basi. Ngolo aisiye. Mbali yabwino ya LUCHENZA asaikhudze ngakhale ndi Dettol, angotsuka ndi sopo. Mbali yosungunuka ikauma asalaze ndi sandipepa wa madzi, ayambe 600 amalize 1000, atakulunga pa kathabwa kuti pakhale thyathyathya. Chidindo cha chala adzaze ndi pate wa magalimoto pang'ono kwambiri. Ndiye mutu aupake wobiriwira wofanana ndi wa agogo, koma wopyapyala. Si mtundu wa LMS, anzanga a kuno akaona adzagwira kumutu, koma sitima ndi ya ku Luchenza.

Nachisale_wa_Bvumbwe
Apo ndiye tagwirizana. Lembani tsiku.

Sapitwa76
Koma musapake mwezi uno achimwene. Ndi Julayi, chiperoni chili pakhomo. Ine chaka chatha ndinapopera injini yakuda m'mawa wa nkhungu, phiri lisakuoneka n'komwe, inauma yotuwa ngati yawazidwa ufa. Chinyontho chimakodwa mu penti akamauma. Vanishi ndiye amachita kuyera ngati mkaka. Dikirani Seputembala, kapena tsiku loti dzuwa lawala kuyambira m'mawa, mupake cha m'ma 11 koloko. Mukatha vundikirani ndi beseni kapena katoni yoyera mkati, mutaika timiyala pansi kuti mpweya uzilowa, apo ayi fumbi ndi tizilombo timakakamira.

Garratt_wa_Joni
Zoona. Ndipo penti wopopera wa magalimoto amene amapezeka m'mahadiweya ambiri ali ndi thina wake mkati, akhoza kukwinyitsa pulasitiki ngati mmene nsanza yanu inachitira. Yesani kaye pa kapu ya yogati kapena sipuni yapulasitiki. Yambani ndi andakoti wotuwa, chitini chitalikire ngati kutalika kwa rula ya kusukulu, mungodutsa fuu kamodzi, dikirani, dutsaninso. Koyamba pazioneka ngati simunapake. Chitini muchiike kaye m'madzi ofunda, osati otentha, penti amatuluka wosalala.

Ngati mupaka ndi burashi, timatini ta Humbrol ta 14 ml ndi tomwe ambiri timagwiritsa. Takasani mpaka dzanja litope, zolimba zimakhala pansi. Sungunulani pang'ono, pakani katatu kopyapyala, pakati pake tsiku lathunthu. Kutsogolo kwa boyila komwe kuli chumuni kukhale kwakuda kosawala, denga la kanyumba lakuda, thabwa la kutsogolo kwenikweni lofiira. Tepi yotchingira muyambe mwaimata pa buluku kangapo kuti guluu wake afooke, ikapanda kutero imazula penti wapansi.

Agogo_a_Khonjeni
Musaiwale mwaye.

Sapitwa76
Agogo ndiye mbali yanga imeneyo. Makala a mbaula operapera, osefa bwino, kuwaza pamsana ndi burashi youma kuchokera pa chumuni kubwerera m'mbuyo monga momwe utsi umagwera. Choko cha aphunzitsi chopala ndi lumo, pang'ono, kutsitsa mizere yoyera pomwe agogo anena. Dzimbiri lenileni lopala pa lata lakale, pa mabuleki ndi pansi pa ngolo. Dothi lofiira la ku Thyolo losefa limakhala bwino m'munsi mwa mawilo, koma lisafike pa giya kapena pomwe wilo limagunda njanji. Timikono mudetse ndi pensulo yofewa, timawala ngati chitsulo cha mafuta. Ubwino wa zaufa n'ngwakuti mukalakwitsa mumapukuta. M'ngolo, pamwamba pa malasha apulasitiki aja, pakani guluu wa matabwa wosungunula ndi madzi n'kuwaza malasha enieni ophwanya. Ine ndinapempha kachibuma kamodzi kwa dalaivala wa lole yochokera ku Mchenga, kandikwanira zaka zitatu.

Mayi_wa_Tiyi
Kophwanyira mu mtondo wanga wa nsinjiro.

Mphunzitsi_wa_Thuchila
Ine pa zodetsazi ndimakayika. Munthu wavutika milungu itatu kupaka bwino, kenako athirepo makala? Komanso Princess Elizabeth inali sitima yonyamula anthu pa ulendo wa London ndi Glasgow, ankaipukuta.

Wamawaya_Limbuli
Aphunzitsi mwaiwala, inasamuka. Pano imanyamula nthochi.

Mdzukulu_wa_Khukhi
Ndabweranso patatha sabata ndi theka. Thupi linagona mu Dettol masiku awiri, nyumba yonse kununkha ngati kuchipatala, akazi anga anandithamangitsira kukhitchini ya panja. Penti wa agogo wachoka ngati chikopa cha mbatata yophika. Pansi pake patuluka zinthu zomwe sindinkadziwa kuti zilipo, timapaipi, malamba a boyila, ngakhale dzina m'mbali. Ndapezanso china: mkati mwa denga la kanyumba agogo anakandamo ndi msomali zilembo ziwiri za dzina lawo ndi 1967. Pamenepo sindipakapo kanthu.

Ngolo yauma, chidindo cha chala changa chilipo. Ndinatenga sandipepa n'kuibweza. Ndikuganiza zongosalaza m'mbali n'kulembanso LUCHE ndi dzanja langa kutsogolo kwa NZA wa agogo, ngakhale zilembo zisiyane. Kupaka ndidikira chiperoni chithe. Chatsala ndi kaboni, kamodzi kadyeka kutsala pang'ono kufika pa chitsulo, ndiye sindikukayendetsanso kuopa kukanda commutator. @Garratt_wa_Joni kumeneko timapezeka?

Garratt_wa_Joni
Ndili nato tiwiri m'kabokosi, ndi maginito amodzi. Mlamu wanga akukwera basi kumapeto a mwezi, atsikira ku Blantyre kenako apita kwa Goliati. Ndimupatsa mu envelopu, mukakumane pa Thyolo boma. Ndalama ayi, mudzangonditumizira kanema kakuyenda. Katini ka wobiriwira mufune konko, penti pa basi amavuta.

Fundi_wa_Mawailesi
Mukalandira bwerani nako ku shopu Loweruka, ndili ndi chowongolera liwiro ndi njanji zozungulira, tikayese bwinobwino. Mukakulunge mu sokosi, osati mu jumbo, ndipo pa minibasi mukagwire pamiyendo.

Agogo_a_Khonjeni
Mdzukulu wanga akuti andiperekeza. Mundisungire mpando pafupi, ndikufuna ndikamve kulira kwake.